Kalata Yopanda Chidindo

Che Sumaili ndi mlonda pa nyumba ina yaitali ya maofesi ku West Bay. Amakhala pansi penipeni, kumene mabwana amaimika magalimoto, ndipo ntchito yawo ndi kukweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga njira. Owadziwa dzana amangowatcha asikiyurite. Ife amene tinafika nawo kale timawatcha aphunzitsi, ndipo achinyamata obwera kumene amaganiza kuti ndi dzina lowaseka. Si choncho. Bambo amenewa anaphunzitsa ana masamu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi kwawo ku Machinga, zisanu ndi zitatu kuno ku Doha. Koma palibe pepala ndi limodzi lomwe lokhala ndi chidindo limene limanena zimenezi, ndipo pepala loterolo ndilo akhala akulifuna moyo wawo wonse.

Ine ndine Ernest, wa ku Balaka, ndimayendetsa takisi. Che Sumaili ndinakumana nawo koyamba ku Corniche Lachisanu lina, tsiku limene aliyense wopuma amapita kukapondaponda m'mbali mwa madzi ndi kufufuza nkhope yakwawo. Amandiposa zaka khumi. Mbiri yawo ndaimva zidutswazidutswa pa benchi imodzimodziyo, ndipo mbali ina ndinaiona ndi maso angawa.

Anabadwira kufupi ndi Ntaja. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino masamu, koma Chingerezi chinawapinga. Anangopasa, pamene koleji ya aphunzitsi inkafuna kirediti. Analembanso kawiri, Chingerezi n'kukana kawiri konse. Nthawi imeneyo n'kuti sukulu yaulele itayamba, ana atadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo. Sukulu ya m'mudzi mwawo inali yomanga makolo okha, njerwa zoumba ndi manja awo, ndipo komiti ya sukulu inawapempha kuti azithandiza Sitandade 3 podikira aphunzitsi a boma. Malipiro ankachokera m'matumba mwa makolo. Mwezi wina inali ndalama, mwezi wina chimanga, mwezi wina zikomo basi.

Anadikira zaka zisanu ndi zinayi kuti mwina boma liwaona. Woyendera sukulu akabwera ankawayamikira kwambiri, koma pa lipoti pankalembedwa dzina la mphunzitsi wa satifiketi, chifukwa m'mabuku a boma munthu wotchedwa Sumaili munalibe. Kenako boma linatumizadi aphunzitsi awiri. Komiti inachita msonkhano, inawathokoza, inawapatsa tambala. Ahedi amene akanawalembera kalata anali atasamutsidwa kale kupita ku boma lina. Che Sumaili anabwerera kunyumba ndi tambala m'khwapa, nawapeza akazi awo, mayi Khadija, atanyamula mwana wachinayi.

Kuno anafika mu 2008 kudzera mwa munthu wina wa ku Blantyre amene ankapezera anthu ntchito zaulonda. Kampani inawapatsa yunifolomu ya buluu ndi kuwaika pa geti ya sukulu ya anyamata ku Al Hilal, pakati pa nyumba za mipanda italiitali zimene alongo athu ambiri amagwiramo ntchito.

Sukuluyo inali ya mtundu umene kwathu kulibe, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Zaka zimenezo boma la kuno linali litaganiza zoyesa njira ina. Nyumba ya sukulu inali ya boma. Ndalama zinali za boma, zoperekedwa powerengera mitu ya ana. Koma kuyendetsa sukuluyo ankakupereka kwa munthu amene wapatsidwa laisensi, ndipo iyeyo ndiye ankalemba aphunzitsi ntchito, kusankha mabuku ndi kugawa ndalamazo mmene waonera. Boma linkangoyesa anawo mayeso chaka ndi chaka kuti lione ngati zikuyenda. Ankazitcha sukulu zoima pazokha. Mkulu wa sukulu ya Che Sumaili, amene aliyense ankangomutcha Mudiri, kutanthauza ahedi, anali mwini dziko wamtali, wa ndevu zotuwa, amene kale ankaphunzitsa masamu.

Che Sumaili atamva kuti sukulu ndi yoima payokha, anamaliza okha kuti ndi ya pulaiveti ngati za ku Limbe, ndipo Mudiri ndiye mwini wake. Ine m'takisi ndimanyamula aphunzitsi a ku Egypt ndi a ku Jordan, anthu osatopa kulankhula, choncho ndinkadziwako pang'ono. Ndinawauza kuti munthuyo wangobwerekedwa munda, eni ake akadzafuna adzaulanda.

"Iwe Ernest," anandiyankha, "munthu amene ama-employer anthu, kuwachotsa, kusankha ma-textbook, ngakhale penti ya khoma amasankha yekha, ameneyo si mwini? Mwini ndiye amakhala wotani?"

Ndinawasiya. Wamkulu sauzidwa.

Ana ankaweruka dzuwa lili paliwombo, ndipo amene madalaivala awo achedwa ankadikira pamthunzi wa kanyumba ka pa geti. Che Sumaili ankawaona akulimbana ndi masamu ogawa m'makope mwawo, ena akungokopera kwa anzawo. Amati anadziletsa miyezi itatu. Kenako tsiku lina anatenga thireyi ya mazira imene anaitola kukhitchini, anathira m'thumba njere za tende, zipatso za kanjedza za kuno, nakhala pansi. Ndi munthu wa bawo, dzanja lawo limadziwa kugawa njere m'mayenje. Anayamba kuwaonetsa anawo kuti ukagawa njere makumi anayi ndi zitatu m'mayenje asanu ndi limodzi, yenje lililonse lilandira zisanu ndi ziwiri, imodzi n'kutsala m'manja. Yotsala m'manjayo, ankawauza, ndi imene ija imakuvutani pa pepala. Pakutha kwa sabata ana ankafika pa geti akuthamanga, madalaivala n'kumaimba hutala kunja osayankhidwa.

Madalaivalawo ndi amene anakadandaula. Tsiku lina Mudiri anatulukira pa geti mwakachetechete, naima kumbuyo kwa gulu la ana manja ali kumbuyo. Che Sumaili anamuona mochedwa. Anadzambatuka, thireyi n'kugwa, njere n'kumwazika, akuganiza kuti ndege yobwerera kwawo yafika. Mudiri anawerama, natola njere imodzi, nafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti.

"Ndinali teacher kwathu, sir."

"Zaka zingati?"

"Nine years, sir. Koma certificate ndilibe."

"Sindinafunse za certificate," anatero Mudiri. "Yalla, tiye nazo, mawa ubwere ku office. Yunifolomuyo uisiye."

Zinatheka mwachangu chimene kwathu chikanatenga zaka zitatu ndi makalata khumi. Mudiri sanapemphe chilolezo kwa munthu, chifukwa lamulo linkamulola kulemba ntchito amene wamufuna malinga ndalama zikukwanira. Analankhula ndi kampani ya alonda, kampaniyo inapereka kalata yowamasula, ndipo Che Sumaili anakhala wantchito wa sukulu. Ankathandiza mphunzitsi wa masamu m'kalasi, kenako anapatsidwa gulu lawolawo la ana otsalira. Masiku amenewo masamu ankaphunzitsidwa m'Chingerezi. Chingerezi chomwe chija chinawatsekera chitseko cha koleji, kuno chinakwanira n'kutsalako.

Chinthu chimodzi chokha sichinasinthe. Pa chiphaso chawo chokhalira m'dziko muno ndi m'kaundula wa antchito panakhalabe mawu akuti mlonda. Kusintha mawuwo kunkafuna satifiketi yodindidwa kwathu ndi kuno, imene analibe. Mudiri anangogwedeza dzanja. "Mafi mushkila," anatero, kunena kuti palibe vuto. "Pepala ndi pepala. Ine ndikudziwa ntchito yako." Ndipo malipiro anawakwezera pafupifupi kawiri.

Zaka zimenezo Che Sumaili ankafika ku Corniche atavala malaya oyera ndi tayi, pa kutentha kumene ngakhale amphaka amabisala. Zala zawo zinkakhala zothimbirira ndi inki ya zolembera pa bolodi, ndipo ndikulumbira kuti sankazisamba dala. Tinkawaseka kuti aphunzitsi, sopo watha kodi ku Al Hilal? Iwo ankangomwetulira ndi kuyamba kutifotokozera za mwana wina amene wazindikira mafulakishoni. Ankatopetsa, kunena zoona. Anthu otopa ndi mashifiti a maola khumi ndi awiri safuna kumva za mafulakishoni. Koma tinkanyadira, chifukwa pakati pa ife tonse, madalaivala, alonda ndi oyala mabedi m'mahotela, panali mmodzi amene ana a eni dziko ankamuimirira akalowa m'chipinda. Kumudzi nyumba inafoleredwa malata, ana anapita ku sekondale.

Ine nkhani yanga inali imodzi. Ndinkawauza kuti apemphe kalata. Mudiri anali ndi mapepala a mutu wa sukulu ndi chidindo chakechake m'dirowa, ndipo ankatha kulemba chilichonse chimene wafuna. Mizere isanu yokha, yonena kuti Sumaili Ajibu amaphunzitsa masamu pa sukulu ino, kenako pha! chidindo, nkhani n'kutha. Ndinawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

"Ernest, testimonial imapemphedwa ndi munthu wochoka," anandiyankha. "Ukaipempha ndiye kuti watsanzika. Munthu wakuchotsa pa geti, wakuika mu class, wakukwezera salary, iwe n'kukagogoda kuti bwana ndilembereni yopitira kwina? Amayi ako anakulera choncho?"

"Koma aphunzitsi, kuno si kwathu. Kuno ma-letter amapemphana tsiku lililonse."

"Ulemu ndi umodzi dziko lonse. Tsiku lochoka ndidzapempha, inshallah. Iyeyo ndi mwini sukulu, apita kuti?"

Kwathu zili chomwechi ndithu, ndipo sindingawanamizire. Wantchito akapempha kalata, bwana amayamba kumuyang'ana ndi diso lina, n'kuyamba kufunsa anthu ngati akudziwa wina wofuna ntchito. Che Sumaili ananyamula mwambo umenewu m'chikwama kuchokera ku Ntaja, nausunga bwino zaka zisanu ndi zitatu. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti munthu yemweyu anali atalumidwapo kale.

Chingwe chinayamba kufupika pang'onopang'ono. Sukulu zoima pazokhazo sizinayende mofanana. Zina zinachita bwino, zina ayi, ndipo makolo ambiri ankadandaula kuti ana awo akutaya Chiarabu koma Chingerezi chakenso osachigwira. Boma, pokhala mwini ndalama, linayamba kubweza mphamvu zake imodziimodzi. Sindikuliweruza. Amene amagula chimanga ndiye amanena kukula kwa mtanda. Malipiro a antchito anayamba kuikidwa kuchokera kumwamba. Mabuku anakhala ofanana paliponse. Cha m'ma 2012 kunabwera lamulo loti masamu ndi sayansi aziphunzitsidwa m'Chiarabu.

Apa ndinati basi, aphunzitsi athu atha. Chiarabu chawo chinali cha kumzikiti ndi cha pa geti, chokwanira kupemphera ndi kuthamangitsa galimoto yoima polakwika. Koma Mudiri anali adakali ndi kampata. Anawachotsa m'kalasi ya m'mawa, nawapatsa kachipinda pafupi ndi laibulale, kuti ana ovutika masamu azipitako pa nthawi yopuma ndi poweruka. Malipiro awo anawalowetsa pa ndalama za zochitachita za ana, pamodzi ndi mpira ndi maulendo. Che Sumaili anaphunzira manambala a Chiarabu ndi mawu makumi angapo, zotsalazo njere za tende zinkalankhula zokha. Anabwera ku Corniche ali chinyadire.

"Waona? Law yasintha, ine ndidakalipo. Mwini sukulu akakufuna, khalas, nkhani yatha."

Ine ndinaona zina. Aphunzitsi a m'takisi mwanga ankanena kuti tsopano Mudiri aliyense akafuna kulemba munthu ntchito amayamba watumiza dzina kumwamba, ndipo ndalama iliyonse imafunsidwa kumene yapita. Che Sumaili eni ake anandiuza kuti Mudiri wawo wasiya kuyendayenda m'makalasi, amangokhala mu ofesi kudzaza mafomu, ndipo wayamba kuiwala kumwa tiyi. Ankanena zimenezi momumvera chisoni bwanayo. Sizinawafike m'mutu kuti mafomu omwewo akunena za iwo.

Mapeto anafika cha m'ma 2016 ndi 2017. Sukulu zonse zija zinabwerera m'manja mwa unduna wa maphunziro n'kukhalanso sukulu za boma wamba. Mudiri anakhalabe pa mpando wake, koma tsopano ngati wantchito wa boma, wosatha kulemba ngakhale wosesa. Kunabwera mndandanda wa ntchito zovomerezeka pa sukulu iliyonse. Mphunzitsi anafunika digiri. Alonda ndi osesa anayenera kuchokera ku makampani. Pa mndandandawo panalibe malo a munthu wa thireyi ya mazira, wolembedwa kuti mlonda koma wosakhala pa geti.

Mudiri anayesa. Analemba makalata awiri, anapita yekha kukaonana ndi akuluakulu, anabwerako ndi yankho limodzimodzi. Tsiku lina kumapeto kwa teremu anawaitana Che Sumaili mu ofesi, nawathirira tiyi ndi dzanja lake, nawauza kuti mwezi ukatha ntchito yatha. Zimene zinalankhulidwa mmenemo anandiuza Lachisanu lotsatira, mawu ndi mawu, akuyang'ana madzi.

Anati anamvetsera mpaka kumapeto. Anathokoza chifukwa cha zaka zonsezo. Kenako, popeza tsiku lotsanzika linali litafika, anapempha chimene anachisunga zaka zisanu ndi zitatu.

"Sir, ndipempheko kalata. Yonena kuti ndinaphunzitsa pano. Ya stamp."

 Mudiri anatsegula dirowa, naitulutsa yonse, naiika pa tebulo. Munali zolembera, mankhwala a mutu ndi makiyi. Chidindo chake chakale, cha dzina la sukulu yoima payokha, anali atachibweza masabata atatu apitawo pamodzi ndi mapepala onse a mutu wakale. Chidindo chatsopano chinali cha boma, ndipo analibe mphamvu yochiika pa kalata ya ntchito ya munthu. Makalata otero tsopano ankatuluka ku ofesi yaikulu, ndipo kumeneko amangolemba zimene zili mu kompyuta.

"Iwe Sumaili," anatero Mudiri, "bwanji sunanene? Mwezi watha womwewu ndikanakulembera makalata khumi."

"Ndinkaopa kuti muganiza kuti ndikufuna kuchoka, sir."

"Ine ndinkaganiza kuti sukuifuna. Aphunzitsi onse amapempha chaka chilichonse. Iwe wekha sunapemphepo."

 Kenako Mudiri anatenga pepala loyera la mu makina okopera, nalemba ndi dzanja m'Chingerezi masamba awiri athunthu. Analemba za njere za tende, za ana amene anakwera magiredi, anatchula chaka ndi chaka. Anasaina, naika nambala ya foni yake pansi. Ine kalatayo ndinaiwerenga. Munthu akakulembera zotere ukhoza kulira, koma ndi pepala limene aliyense angalembe atakhala pa bedi lake.

Patapita milungu iwiri inafika kalata ya ku ofesi yaikulu. Pepala lolimba, la mutu wagolide, chidindo chozungulira bwino ndi siginecha ziwiri. Linkanena kuti Sumaili Ajibu anagwira ntchito pa sukuluyo zaka zisanu ndi zitatu ngati mlonda, ndipo khalidwe lake linali labwino.

Tsiku limenelo sindinawauze kuti paja ndinanena. Ndinafuna kutero, mawu anafika pakhosi, koma nditaona mmene anapindira mapepala awiriwo ndi kuwalowetsa m'pulasitiki, ndinawameza. Ndinakawagulira tiyi wa mkaka uja wa m'timakapu, tinamwa.

Kampani yawo yakale inawalandiranso, chifukwa mlonda wa zaka zambiri wopanda mlandu savuta kupeza malo. Mudiri, poganiza kuti akuwachitira zabwino, anapempha kuti awaike pa geti ya sukulu yomweyo. Che Sumaili anakana. Anati sangavale buluu pamaso pa ana amene dzulo ankawaimirira. Ndi mmene anapezekera pansi pa nyumba ya ku West Bay, kumene dzuwa silifika ndipo mwana saoneka, kupatula akakhala pa mpando wakumbuyo kwa galimoto ya magalasi akuda. Akhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Mudiri anapuma pa ntchito, ndipo nambala ija ya pansi pa kalata inasiya kulira kalekale.

Sindinganene kuti ndi munthu wodandaula. Amadzuka, amaswali, amakwera basi ya kampani, amakweza chitsulo, amatsitsa chitsulo. Anyamata a ku Nepal ndi a ku Uganda amene amagwira nawo ntchito amawabweretsera mapepala a malipiro kuti awawerengere maola owonjezera, ndipo iwo sangopereka yankho, amafuna munthu aone yekha mmene lapezekera, mpaka anyamatawo amanong'oneza bondo kuti anafunsiranji. Ku Corniche tayi anasiya. Mawondo anayamba kuvuta, ndipo chaka chino anatiuza kuti kontirakiti ikatha mu June sasainanso ina.

Ndiye anayamba kukonza zobwerera. Sankafuna kukakhala pakhonde. Anamva kuti ku Liwonde kwatsegulidwa sukulu ya pulaimale ya pulaiveti, ya munthu wina wamalonda, ndipo ikufuna aphunzitsi. Sukulu zotere, anatero, mwini wake akakufuna amakulemba, satumiza dzina kumwamba. Ndinatsala pang'ono kuseka pomva mawu amenewa akutulukanso pakamwa pomwepo, koma ndinadzigwira. Anajambula mapepala awiri aja pa foni, natumiza kwa mayi Khadija, nawauza kuti akawasindikize bwinobwino pa pepala loyera ndipo akaperekeke m'manja mwa mwini sukulu, osati kwa kalaliki.

"Mutumize ya Mudiri yokha," ndinawalangiza. "Inayo ibiseni."

"Ya Mudiri ilibe stamp. Inayo ndi imene ikusonyeza kuti sukuluyo iliko ndipo ndinalikodi. Akawerenga zonse ziwiri amvetsa."

Yankho linafika Lachisanu masana, tili pa benchi yathu. Mphepo ya m'nyanja inali yofunda, mabwato a matabwa onyamula alendo akuyandama chapafupi. Foni inalira kamodzi. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa mayi Khadija, ndipo popeza makutu a Che Sumaili ayamba kulemera, anaukweza kuti timve tonse.

Mayiwo anayamba ndi moni, nanena za mvula ndi za mbuzi imene yaswa, monga amachitira munthu amene sakufuna kufika msanga kumene akupita. Kenako anati anapita ku Liwonde Lachitatu, ndipo mwini sukulu anawalandira bwino kwambiri, mpaka kuwapatsa Fanta.

"Awerenga zonse ziwiri, bambo a Shakira. Ati ya pamanjayi ndi yokoma, koma iwo sangaiike mu file, chifukwa oyendera sukulu akabwera amafuna za stamp. Ati aphunzitsi apeza kale, ana a ku college. Koma ati inayi, yagolideyi, sanaionepo yotere. Ati munthu wolondera sukulu ya kunja zaka eyiti popanda mlandu, iwo akumufuna kwambiri. Ati mlonda amene ali naye amagona. Ati mukafika mu June ntchito ilipo."

Uthenga unatha. Ine ndinapsa mtima kwambiri, moti ndinaimirira. Ndinanena zambiri, za mwini sukuluyo, za ofesi yaikulu, za zidindo zonse za pa dziko lapansi. Ndinati munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, womanga nyumba ya malata, sangawoloke nyanja kukakhala mlonda kwawo komwe, pamaso pa anthu amene akudziwa kuti anali mphunzitsi. Ndinati akagule mbuzi, akatsegule kagolosale, chilichonse.

 Che Sumaili anaumvetseranso uthengawo kachiwiri, foni ataigunditsa kukhutu. Kenako anapukuta galasi la foniyo pa malaya, nadina pojambulira mawu, nakonza pakhosi.

"Mayi a Shakira, ndamva. Mwachita bwino, Allah akudalitseni. Mawa mupitenso. Mukawafunse ngati shift yake ndi ya masana kapena ya usiku. Ikakhala ya masana muwauze kuti ndavomera."

Anatumiza. Ndinakhalanso pansi, ndinawafunsa kuti masana ndi usiku zikusiyana pati, ulonda ndi ulonda.

"Usiku kusukulu kulibe ana," anatero.